Kasungidwe ka Mpikisano wa Mafunso m'Sukulu za Kumidzi

 Nkhani imene ndadza nayo lero ndi ya mpikisano wa mafunso, uja ana a sukulu zosiyana amakhala pamadesiki moyang'anana, wofunsa ali pakati ndi pepala m'manja, namayesana nzeru pa zimene aphunzira. Kuyambitsa mpikisano wotere aliyense amatha, koma chimene ndifuna kuti tiunikirane ndicho kasungidwe kake, kuti mwana amene ali Fomu 1 chaka chino adzaupeze ukadali wamoyo pamene adzafike Fomu 4, ndi kuti mng'ono wake amene akadali ku pulayimale adzaupezenso chimodzimodzi.

Kuyesana nzeru si chinthu chachilendo pakati pathu. Makolo athu, ntchito ya kumunda itatha ndi chimanga chitalowa m'nkhokwe, ankasonkhanitsa ana pamoto naponyerana ndagi, ndipo mwana womasula msanga ankadziwika m'mudzi monse. Ndipo ambiri a inu amene tsopano muli ndi imvi mukukumbukira momwe mabanja ankaunjikirana pa wailesi ya MBC kumvera pulogalamu ya Top of the Class, m'mene sukulu za sekondale zinkapimana mphamvu pa mafunso. Chiyambire 1994, pamene boma lidachotsa fizi ku pulayimale, ana ofuna malo ku sekondale adachuluka koposa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirirapo a MCDE adasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, zimene timazitcha ma CDSS. Lero sukulu zimenezi ndizo zochuluka mwa sukulu za sekondale za boma, ndipo zambiri zili kumidzi, kumene mabuku ndi ochepa, aphunzitsi ndi owerengeka, ndipo mwana angathe kumaliza zaka zinayi asanaimirirepo pamaso pa alendo kuti ayankhe funso ndi mawu akeake. Mwana wotereyu ndiye amene mpikisano umam'thandiza koposa, pakuti umam'patsa chifukwa chotsegulira buku ngakhale mayeso ali kutali, numuchotsa manyazi aja adapha mbewa kuuna.

Tsono n'chifukwa chiyani mipikisano yotere, imene imayamba ndi nthungululu, imazilala chaka chisanathe, ngati moto wa mapesi umene umalilima kufika padenga koma osasiya ndi khala lomwe lophikira mawa? Imfa zake n'zitatu. Yoyamba imadza pamene ntchito yonse yatsamira pa mphunzitsi mmodzi wachangu, amene amalemba yekha mafunso, nayenda yekha pa njinga kukaitana sukulu zina, nasunga zonse m'mutu mwake, kotero kuti tsiku limene kalata yom'samutsa ifika, mpikisano nawo umakwera naye galimoto ya katundu. Yachiwiri imadza pamene mpikisano wabadwira m'manja mwa wothandiza wakunja, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Ghana kuli mpikisano wotchuka wa sayansi ndi masamu wotchedwa National Science and Maths Quiz, umene udayamba mu 1993. Komabe ngakhale umenewo, ndi kutchuka kwake konse, udaima m'zaka za 2010 ndi 2011 chifukwa chosowa wouthandiza ndi ndalama, ndipo udadzukanso mu 2012 pamene akuluakulu a maphunzira a boma pamodzi ndi bungwe la aphunzitsi aakulu adausenza okha. Ngati wa dziko lonse udagwa motero, nanga wa m'dera la mfumu imodzi udzalimba bwanji pa ndalama za mlendo? Imfa yachitatu ndiyo mkangano: sukulu imodzi ikangokhulupirira kuti yaberedwa, sibweranso, ndipo anzake amaitsata m'mbuyo. Zonse zimene ndinene kuyambira pano ndi mankhwala a matenda atatu amenewa.

Choyamba, yambani mochepa. Mphunzitsi wamkulu amene nkhaniyi yamugwira mtima asalote za boma lonse kapena chigawo chonse. Ayang'ane sukulu zitatu zoyandikana naye, zimene ana angathe kufikako pansi kapena pa njinga, kuchoka dzuwa litatuluka ndi kubwerera lisanalowe, ndipo pamodzi ndi yake zikhale zinayi. Sukulu za sekondale zidaikidwa kale m'makilasita, ndipo aphunzitsi aakulu a m'kilasita imodzi amakumana kale pa zina ndi zina, kotero kuti palibe chifukwa chomangira bwalo latsopano pamene lakale lilipo. Sukulu zikakhala zinayi, iliyonse ingathe kukumana ndi zinzake zitatu tsiku limodzi lomwelo, m'zipinda ziwiri, maulendo atatu. Ndipo pakakhala masiku anayi pa chaka, sukulu iliyonse imalandira alendo kamodzi, ndi kuyenda katatu, popanda imene ingadandaule kuti ndiyo yokha imatha nsapato. Mukagwirizana, lembani kalata ku ofesi ya maphunziro ya chigawo chanu, pakuti zigawozi zilipo zisanu ndi chimodzi m'dziko muno, ndipo kaonekereni kwa mfumu ya dera limene ana azidutsamo, kuti ulendo wa ana udziwike kwa eni dziko. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ligi ya sukulu zinayi imene yakhala zaka zisanu iposa ya sukulu makumi awiri imene idatha ndi teremu imodzi.

Posankha anzanu, sankhani olingana nanu mphamvu. Si chanzeru kutenga ana a sukulu yoyendera, amene amawerengera pa tochi atabwera kotunga madzi ndi kodyetsa mbuzi, n'kuwaimika chaka choyamba pamaso pa ana a sukulu yogonera konko, amene adasankhidwa mwa okhoza koposa ndipo ali ndi laibulale ndi magetsi. Pakuti akagonja mochititsa manyazi kawiri kapena katatu, adzanena mumtima kuti izi si zathu, ndipo simudzawaonanso. Ngakhale ku America, kumene masewerawa adakhazikika kwambiri, bungwe la NAQT limene lidayamba mu 1996 limakonza mpikisano wapadera wa sukulu zing'onozing'ono, podziwa kuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Sukulu zikuluzikuluzo mudzakumana nazo pamene mapiko a ana anu alimba.

Chachiwiri, mutu umodzi susenza denga. Sukulu iliyonse isankhe aphunzitsi awiri oyang'anira kalabu ya mafunso, ndipo kumene kuli kotheka mmodzi akhale mayi, kuti wina akasamutsidwa kapena akadwala, mnzake apitirize, ndi kuti asungwana akhale ndi wowaperekeza. Aphunzitsi asanu ndi atatu amenewa, pamodzi ndi kholo limodzi lochokera m'komiti ya makolo ya sukulu iliyonse, ndiwo bwalo la mpikisano. Upampando uzizungulira chaka ndi chaka kuchoka pa sukulu ina kunka pa ina, koma msungichuma akhale kholo lodziwika ndi kukhulupirika. Pamsonkhano woyamba lembani malamulo anu, ndipo asapitirire masamba awiri: ana angati pa timu, malikisi angati pa funso, nthawi yoyankhira, chochita timu ikachedwa, chochita kukagwa maliro, ndi njira yodandaulira. Aphunzitsi aakulu onse anayi asainire ndi kudindapo chidindo cha sukulu. Kenaka gulani buku lalikulu lachikuto cholimba, limene mudzalembamo malamulowo, maina a ana opikisana, malikisi a tsiku lililonse, ndalama zolowa ndi zotuluka, ndi zigamulo za milandu yonse. Buku limeneli si la mphunzitsi ayi, koma la mpikisano. Lizigona mu ofesi ya sukulu imene ili pampando, ndipo lizitchulidwa pa mndandanda wa katundu amene mphunzitsi wamkulu amasiyira wodzalowa m'malo mwake.

Chachitatu, werengani nyengo musanaike masiku. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, misewu ili youma ndi mitsinje ili yoolokeka, ndipo masiku awiri oyamba muwaike pakati pa Seputembala ndi kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe. Teremu yachiwiri, ya Januwale mpaka Malichi, si nthawi yoyendetsa ana a eni: mitsinje yadzaza, milatho ina yakokoloka, m'makomo ambiri ufa wachepa, ndipo makolo afuna manja kumunda. Nthawi imeneyo mpikisano usagone, koma ubwerere m'nyumba, makalasi a sukulu imodzi azipikisana okhaokha masana akaweruka, kuti ana atsopano aonekere. Masiku awiri otsala muwaike kumayambiriro kwa teremu yachitatu, mvula itakata ndi zakudya zitapezeka, koma mayeso a MANEB asanayandikire, pakuti mphunzitsi wamkulu aliyense adzakana kutulutsa ana a Fomu 2 ndi Fomu 4 pamene JCE ndi MSCE zili pakhomo, ndipo adzakhala atalondola. Posankha tsiku la sabata, kumbukirani kuti alipo ana opembedza Loweruka ndi ena opita ku mzikiti Lachisanu, ndiponso kuti tsiku la msika limakoka makolo ndi ana omwe. Funsanani, pakuti safunsa adadya phula. Masiku onse anayi alengezedwe teremu yoyamba ikamatsegulidwa, ndipo lililonse likhale ndi lina lapadera loti mudzasamukireko kukagwa zovuta m'mudzi.

Tsopano tafika pa mtima pa nkhaniyi, ndiwo mafunso enieniwo.

Lamulo lalikulu ndi ili: munthu asalembe mafunso a mwana wake, ndipo asaweruze mlandu wa mwana wake. Tiyerekeze kuti sukulu zathu zinayi ndi ya kumpoto, ya kummwera, ya kuvuma ndi ya kuzambwe. Pamene ya kumpoto ikumana ndi ya kummwera m'chipinda choyamba, mafunso 10 achokere kwa a kuvuma ndi ena 10 kwa a kuzambwe, wofunsa akhale mphunzitsi wa kuvuma, wolemba malikisi wa kuzambwe. Ndipo m'chipinda chachiwiri, m'mene a kuvuma akumana ndi a kuzambwe nthawi yomweyo, zonse zikhale m'manja mwa a kumpoto ndi a kummwera. Motero sukulu iliyonse imadza ndi maenvelopu atatu omatidwa, mafunso 10 m'envelopu iliyonse ndi ena awiri apadera, ndipo mtolo wa mafunso 36 ukagawidwa pakati pa aphunzitsi onse a pasukulu, sulemera aliyense. Mafunso alembedwe awiriawiri olingana kulemera, kuti timu iyi ikafunsidwa za masamu, inayo ifunsidwenso za masamu. Ambiri achokere mu silabasi, m'Chingerezi monga momwe ana adzawapezere pa mayeso, a phunziro la Chichewa m'Chichewa. Koma musaiwale kuikamo ena a ulimi wa m'deralo, a mbiri ya boma lanu, a miyambi ndi ndagi, kuti gogo amene wadza kudzaonerera naye amve kuti nzeru zake zili ndi malo pa sukulu.

Funso labwino lili ndi yankho limodzi lokha, ndipo wolemba alembe pambali pake dzina la buku ndi tsamba limene yankholo lachokera. Mverani funso ili, limene lingaoneke losalakwa: kodi Dr. Kamuzu Banda adayamba liti kulamulira dziko lino? Mwana wina adzati 1963, pamene adakhala nduna yaikulu; wina adzati 1964, pamene dziko lidalandira ufulu pa 6 Julayi; wina adzati 1966, pamene adakhala pulezidenti; ndipo onse atatu adzakhala ndi pogwira, kotero kuti wofunsa, posankha mmodzi, adzakhala atadzala chidani mwa awiri. Funsani mwachindunji kuti ndi chaka chiti chimene Malawi adasanduka lipabuliki, ndipo pakamwa pa onse padzatsekeka. Palinso mtundu wina wa funso umene anzathu a ku America amaukonda, umene umayamba ndi chizindikiro chovuta nutsikira ku chapafupi, ndipo ife tingathe kuutengera pa mafunso anayi otsiriza. Wofunsa anene kuti: munthu uyu adapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, nakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia; apume pamenepo, ndipo timu ikayankha molondola ilandire malikisi atatu. Ikakhala chete, apitirize kuti: atabwerera adakhazikitsa mishoni ya Providence ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, apa malikisi ndi awiri. Ikakhalabe chete, amalize kuti: adatsogolera kuukira atsamunda mu Januwale 1915, ndipo timam'kumbukira pa 15 Januwale chaka ndi chaka, apa ndi limodzi. Yankho ndi John Chilembwe. Funso lotere limalemekeza mwana amene adawerenga mozama, komanso silim'bweza chimanjamanja amene adziwa pang'ono, ndipo ngakhale womvera amene sadayankhe amatuluka ataphunzira zinthu zitatu za munthu mmodzi.

Tsiku la mpikisano likafika, eni sukulu asese zipinda m'mamawa, atunge madzi akumwa, nalandire alendo pa chipata monga mwa mwambo. Chitsulo chija chopachikidwa pamtengo chilire pa nthawi imene mudapangana, osadikira mlendo wolemekezeka amene wachedwa, pakuti ana ali ndi ulendo wobwerera. M'chipinda muikidwe madesiki awiri mbali iyi ndi awiri mbali inayo, ana anayi uku ndi anayi uko, aliyense ndi pensulo ndi pepala loyera lowerengerapo masamu, ndipo kusakhale foni kapena kope pa desiki. Wofunsa akweze envelopu m'mwamba, aionetse kwa makaputeni awiri kuti aone kuti n'njomatidwa, ndipo aing'ambe pamaso pa onse. Wolemba malikisi aime pa bolodi ndi choko, alembe malikisi funso lililonse likangotha, ndi manambala aakulu oti wokhala kumbuyo awaone, chifukwa malikisi olembedwa mobisa pa kapepala ndiwo amabala manong'onong'o. Wosunga nthawi, amene angathe kukhala kholo, agwire wotchi, ndipo masekondi 15 akakwana amenye pa tebulo. Zida zamagetsi zolizira, zimene mumaziona pa wailesi ya kanema, musazilirire: mafunso azipita kwa matimu mosinthana, wofunsa awerenge momveka kawiri, ana anong'onezane, kaputeni ayankhe, yankho lolondola malikisi awiri, ndipo timu ikalephera, funsolo liwolokere kwa inayo pa limodzi. Oonerera aombe m'manja yankho likaperekedwa, koma wina akanong'oneza yankho, funsolo litayidwe, litengedwe lapadera, ndipo iyeyo atulutsidwe mwaulemu ngakhale akhale ndani. Potsiriza makaputeni asainire malikisi m'buku, ana agwirane chanza, ndipo onse, opambana ndi ogonja, adyere pamodzi.

Dandaulo likabuka, alinene kaputeni yekha, ataimirira, pakati pa mpikisano popuma kapena pamapeto asanasaine, ndipo mphunzitsi wa timuyo asalowerere ndi mawu okweza. Wofunsa ndi wolemba malikisi atsegule buku pa tsamba lija lidalembedwa pambali pa funso, awerenge mokweza, nagamule pomwepo. Buku likapezeka kuti lavomereza mwanayo, wofunsa asachite manyazi kubweza mawu ake, pakuti ana amene aona wamkulu akugonjera choonadi aphunzira chinthu choposa funso limene amakanganiranalo. Chigamulo chilembedwe, ndipo mlandu uthere pomwepo. Usatengeredwe ku msika kapena pa WhatsApp madzulo. Malembo nawonso sayamikira mwini sikelo yonyenga, ndipo mphunzitsi amene aululira ana mafunso mseri, ngakhale atero pofuna kuti dzina la sukulu yake limveke, wawaphunzitsa kuba ali ndi choko m'manja.

Chachinayi ndi kasankhidwe ka ana. Chiyeso cha mphunzitsi aliyense ndicho kudzaza timu ndi anyamata anayi a Fomu 4 amene amakhoza m'kalasi, kuti chikho chibwere msanga. Koma Julayi akafika onse anayi amatsazika, ndipo chaka chotsatira mumayambanso ngati simudayambepo. Chifukwa chake lembani m'malamulo kuti mwa ana anayi a pa timu, mmodzi achokere ku Fomu 1 kapena Fomu 2, ndi kuti m'sukulu za anyamata ndi asungwana timu isakhale ya anyamata okhaokha kapena asungwana okhaokha. Kuongola mtengo ndi poyamba. Kalabu ikhale yotseguka kwa mwana aliyense wofuna, izikumana kamodzi pa sabata kwa ola limodzi, ndipo ana aakulu azifunsa ang'ono mafunso a zaka zapitazo, amene mudzakhala mukuwasunga m'failo pamodzi ndi buku lija. Pakutha pa zaka zitatu mudzakhala ndi mafunso mazanamazana amene adzathandize ngakhale okonzekera mayeso. Apatseninso ana ntchito yolemba okha mafunso oyeserera, popeza wolemba funso amayamba wawerenga tsamba lonse. Ndipo inu makolo, mwana wanu wamkazi akasankhidwa, musam'letse ndi mawu akuti kunyumba kuli ntchito. Funsani kokha kuti akupita ndi mphunzitsi uti, ndi kuti abwera nthawi yanji, ndipo inu aphunzitsi muyankhe mafunso awiriwa ndi kalata, n'kusunga mawu anu.

Chachisanu ndi ndalama, ndipo apa Malembo amatikumbutsa za munthu uja adayamba kumanga nsanja asanawerenge mtengo wake. Zofunika zenizeni n'zochepa: mapepala, maenvelopu, choko, chakudya cha masana, ndi kabaza wa mwana amene sangathe kuyenda mtunda wautali. Chakudya chikhale pa sukulu yolandira alendo, imene imatero kamodzi kokha pa chaka. Makolo asonkhe ufa, nyemba ndi nkhuni, amayi a m'komiti aphike, ndipo nsima ya nyemba ndi chikho cha thobwa sizidachititsepo manyazi munthu wolandira alendo. Sukulu iliyonse iponye m'thumba la mpikisano kangachepe kofanana kumayambiriro kwa chaka, ndalama isatuluke popanda anthu awiri kusainira, ndipo msungichuma awerenge zolowa ndi zotuluka mokweza pa tsiku lotsiriza, pamaso pa makolo. Chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse: musayambe ndi kulipirana alawansi. Ndidziwa kuti aphunzitsi a kumidzi amagwira ntchito yolemetsa pa malipiro ochepa, ndipo sindipeputsa thukuta lawo. Koma mpikisano umene wofunsa safika popanda envelopu ya m'thumba mwake, udzafa tsiku limene thumba lidzauma.

Nanga akadza wofuna kuthandiza, kaya ndi kampani, bungwe, mpingo, phungu wa Nyumba ya Malamulo, kapena ana a pasukulupo amene tsopano ali pa ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, namatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kodi tim'kane? Iai, m'landireni ndi manja awiri, koma thandizo lake mulilozere ku zinthu zokhalitsa: mabuku otanthauzira mawu, mabuku a mapu, nyale zoyendera dzuwa, chikho chimene chizizungulira chaka ndi chaka. Zinthu zimene zimafunika tsiku lililonse la mpikisano zikhale pa mapewa anu, kuti iye akadzachoka, inu mudzatsale chiimire. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Chilichonse cholandiridwa chilembedwe m'buku, ndipo wandale auzidwe mwaulemu kuti nsalu ndi nyimbo za chipani zitsale kunja kwa mpanda wa sukulu.

Chotsiriza ndi ulemu umene timapereka kwa ana. Mphotho zikuluzikulu za ndalama zimakulitsa mkangano ndi kukopa chinyengo, pamene kope, cholembera ndi satifiketi yosainidwa ndi aphunzitsi aakulu anayi, zikaperekedwa ndi dzanja la mfumu pamaso pa makolo, mwana amazikumbukira mpaka ukalamba. Musalemekeze wopambana yekha: tchulaninso sukulu imene yakwera koposa poyerekeza ndi chaka chatha, mwana wa Fomu 1 amene wayankha mopanda mantha, ndi timu imene sidachedwepo ngakhale kamodzi, chifukwa sukulu ya kumapeto ndiyo imene muyenera kuisamala koposa, popeza ikatuluka, zotsalazo sizikwanira. Maina a ana awerengedwe pa asembule, m'tchalitchi ndi mu mzikiti, ndipo mlembi atumize zotsatira ku wailesi ya m'dera lanu, pakuti mawailesi monga Dzimwe ku Mangochi, Mudziwathu ku Mchinji, ndi a ku Nkhotakota ndi ku Mzimba adakhazikitsidwa kuti azimveketsa za m'midzi yawo. Kholo limene lamva dzina la mwana wake pa wailesi silifunsidwa kawiri kuti lisonkhe ufa chaka chamawa.

Tsono inu aphunzitsi aakulu amene mwamva mawu awa, musadikire kalata yochokera ku likulu, kapena galimoto ya bungwe, pakuti zonse zofunika muli nazo kale: ana, aphunzitsi, bolodi ndi anansi. Sabata lino lomwe lembani makalata atatu kwa anzanu oyandikana nanu, muwaitane kuti mukhale pansi, muike masiku anayi, ndi kugula buku limodzi. Inu mafumu, mukaitanidwa kafikeni. Inu makolo, mwana wa mnzako ndi wako yemwe, choncho ana a eni akadza pa sukulu yanu adyetseni ndi kuwabweza dzuwa likadalipo. Ndipo inu ana, pitani mawa kwa aphunzitsi anu mukawapemphe kuti kalabu iyambe.